Mmene Ndinakhwimitsira Mwana wa Mchemwali Wanga

Abale ndi alongo, ikani kaye mafoniwo m'thumba. Ndikudziwa kuti Lachisanu ndi tsiku lokhalo loti muyankhule ndi akumudzi, koma basi yobwerera kukampu kumene timagona sinafike, ndiye ndibwerekeni makutu. Amene mwaima kukhomoko senderani kuno. Makoma a nyumba za ku Old Airport mu Doha muno ndi opyapyala, sindikufuna kukuwa.

Dzina langa ndine Mateyu, kwathu ndi ku Dedza. Ambiri mumanditchula kuti Sajeni. Ena mwa inu munagwirapo ntchito pansi panga ndili supavaiza wa magadi, ndipo ndikukuonani mukuyang'ana pansi. Musavutike. Zimene munkanena ndikatembenuka ndimazidziwa, ndipo munkanena zoona. Lero ndikufuna ndikuuzeni za Yamikani, mwana wa mchemwali wanga, ndi botolo la madzi limene ndinamulanda.

Anthu amaganiza kuti nkhanza ndinakaziphunzira kunkhondo. Ayi ndithu, ndinaziphunzira pa nazale ya mitengo. Bambo atamwalira sukulu inathera pomwepo, ndiye ndinalembetsa kukampu ya achinyamata yobwezeretsa nkhalango m'mapiri a kwathu. Tinkagona m'matenti odontha, ndiwo zake nyemba zofumbwa tsiku ndi tsiku. Ntchito inali kuthira dothi m'machubu, kukumba maenje, kulambula njira zotchinga moto, kudzala udzu wa vetiva m'malo okokoloka. Kapitawo wathu anali a Mbewe, munthu wamfupi, wa tindevu ta mbuzi, amene mano ake sindinawaonepo.

Mvula ikayandikira, a Mbewe ankatilamula kuti tichotse udzu wa mthunzi pamwamba pa mbande, tidule mizu yotulukira pansi pa machubu, ndipo tichepetse kuthirira. Ntchito imeneyo amati kukhwimitsa. Mbande yozolowera madzi m'mawa ndi madzulo, ukakaidzala kuphiri imangofota n'kufa. Imene yavutikako pa nazale ndi imene imapirira. Zimenezo n'zoona mpaka lero, funsani aliyense wodzala mitengo. Vuto linali loti a Mbewe ankatikhwimitsanso ifeyo. Tikamakwera phiri ndi mbande pamutu, dzuwa lili pa liwombo, iwo ankatsala kumunsi atakhalira chigubu cha madzi. Ukawapempha, ankakuyang'ana ngati wawatukwana, n'kunena kuti, "Mbande yosasatitsa siona chilimwe."

Anyamata ambiri anathawa. Ine ndinatsala, ndipo a Mbewe anandikonda. Abale, kukondedwa ndi munthu wankhanza n'koopsa, chifukwa umayamba kukhulupirira kuti nkhanzazo ndi mankhwala amene anakupulumutsa.

Kuchoka kumeneko ndinalowa usilikali, ndinakwera mpaka kukhala sajeni, kenako anatitumiza ku Congo. Za kumeneko sindinena zambiri. M'nkhalango muja madzi a anyamata anga ndinkawagawa ndine, pang'onopang'ono, ndipo ankandida koma ankabwerako amoyo. Tsiku lina zigawenga zinatibisalira panjira, mnzanga Saidi anawomberedwa pamimba. Ndinamugoneka pamiyendo panga akupempha madzi. Tinaphunzitsidwa kuti munthu wolasidwa pamimba samupatsa madzi, ndiye sindinamupatse. Anafa akupemphabe, ndipo akuluakulu anati ndinachita bwino. Mukuona? Nthawi iliyonse imene ndinamana munthu madzi, panapezeka wina wondiuza kuti ndachita bwino.

Nditabwerako tulo tinandithawa. Ndikangotseka maso, Saidi uja. Ndinayamba ndi botolo limodzi loti ndigonere, kenako kachasu, kenako timasacheti m'thumba la yunifolomu. Mkazi wanga ndinamumenya mpaka anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Ntcheu. Ntchito inatha. Amene ananditola pamsika nditagona m'ngalande anali achemwali anga a Edina, amayi ake a Yamikani. Anandisunga pakhomo pawo, kundichapira, kundiphikira, anthu akuwaseka. Nditamva kuti ku Qatar akufuna anthu oti anakhalapo asilikali, ndinati basi, dziko lopanda mowa ndi limene lindichiritse.

Mukuseka eti? Sekani, nanenso ndinadziseka. Mwezi usanathe ndinali nditadziwa kale chipinda chimene amatcherera sadiki, kachasu wa kuno uja, kukampu kwathu. Masana ndinali gadi wa chitsanzo, nsapato zowala, msana chilili, mawu ngati bingu. Mudir, bwana wa kampani yathu, anandikonda ngati mmene anandikondera a Mbewe, n'kundikweza kukhala supavaiza. Ndikaweruka ndinali chidakwa chomwe chija.

Yamikani anali atamaliza Fomu 4, ntchito osapeza. Anali mnyamata wofatsa, woseka msanga, woimba kwaya, woti nkhuku imamuvuta kupha. Ndinaimbira achemwali n'kuwauza kuti, "Mwanayu mwamusasatitsa. Ndipatseni ine ndidzamukhwimitse."

Iwo anati, "Eni mbumba ndinu, achimwene, ine ndikananji? Koma mudzandibwezere mmene mwamutengeramo."

Inu a kwathu mukudziwa. Malume ndiye mwini mbumba. Mwana akhoza kutsutsana ndi bambo ake, koma malume akalankhula nkhani yatha. Yamikani anabwera, ndinamulowetsa kukampani kwathu, ndipo ankandipatsa moni atagwira chigongono ngakhale tili mu yunifolomu.

Kenako kunabwera korona. Mukukumbukira mmene zinalili. Magadi ambiri anatsekeredwa ku kwalantini, otsalafe ma shift anatalika, off inasowa. Yamikani ndinamuika pageti la malo oimikapo magalimoto ku Al Doha Al Jadeeda, pafupi ndi timashopu tija. Ntchito yake inali kuloza anthu pachipumi ndi kamfuti koyezera kutentha ndi kuona ngati foni zawo zikuonetsa zobiriwira, chizindikiro choti alibe matendawo. Inali nyengo ija yoti ukatuluka panja malaya amanyowa usanawoloke msewu. AC ya m'kabini mwake inali itafa, iye ananena, ine ndinati asilikali alibe AC. Lamulo loletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa masana linalipo, koma mudir ankati gadi sagwira ntchito, amangoima.

Tsiku lina munthu wina wa galimoto anamujambula Yamikani atakhala pakhonde la shopu ya mmwenye, masiki ali pachibwano, akumwa madzi. Chithunzi chinafika kwa mudir. Anandiitanitsa mu ofesi, pamaso pa magadi anzanga, n'kundisonyeza foni.

"Sajeni, uyu si family yako? Ena aziima, family izipuma? Yalla, fulumira, kakonze."

Magadi a ku Kenya ndi a ku Uganda anali atayamba kale kunong'ona kuti ndimakondera mwana wa mchemwali wanga. Mutu unali ukuwawa ndi matsire. Ndinayendetsa galimoto ya patrol mpaka pageti paja. Ndinamupeza ataima, botolo lili m'manja.

"Amalume, ndinangoti ndimweko pang'ono. Mutu umandizungulira."

"Pano palibe amalume. Pali supavaiza."

Ndinamulanda botolo lija, kulitsekula, n'kukhuthulira madzi onse pa nsapato zake. Ndisanamalize kulankhula, pansi panali patauma kale. Ndinati, "Uima pomwepa mpaka ndidzakuchotse ndine. Madzi ukamwa ukaweruka. Ukangosuntha, ndikukweza ndege, ukawauze wekha amayi ako kuti ntchito yakukanika."

Mvetsetsani apa. Akanakhala Mkenya kapena Mnepali, akanandiyankha kuti yes sir, ndikangokhota iye n'kulowa m'shopu kukagula botolo lina. Supavaiza amanamizidwa, tonse timadziwa. Koma Yamikani sanamve mawu a supavaiza. Anamva mawu a malume ake. Anaika manja kumbuyo n'kunena kuti, "Chabwino, amalume."

Ine ndinapita kukaimika galimoto pamthunzi ku Msheireb, AC ili pamwamba, mpando nditaugoneka. Patapita nthawi wayilesi yolankhulirana ndi magadi inalira.

"Amalume, sindikuona bwino."

Ndinadina batani n'kuyankha mawu amodzi: "Khwima."

Inaliranso kachiwiri. Ulendo uno sanalankhule, ndinangomva kupuma. Ndinachepetsa voliyumu n'kugona. Amene anandidzutsa anali a ku control, kundiuza kuti gadi wanga wagwa ndipo ambulansi yamutenga.

Ndinanama. Mudir ndinamuuza kuti mnyamatayo ankabisa malungo, iye n'kusangalala nalo bodzalo chifukwa linkamupulumutsa nayenso. Achemwali ndinawauza kuti mwina ndi korona, tizingopemphera. Anandithokoza, abale. Anati, "Mwayi wake kuti ali pafupi ndi amalume ake." Zoona zake zinali zoti kutentha kunamuphika m'thupi mpaka impso zake zinaleka kugwira ntchito. Kuchipatala sankalola odzazonda chifukwa cha mliri, ndipo ine ndinakondwa kuti sankalola.

Nthawi imeneyo sadiki anali atasowa, misewu itatsekedwa. Koma pageti lililonse panali sanitaiza. Ndinayamba kuthira m'botolo la juwisi n'kumamwa. Inde, mankhwala opaka m'manja aja. Musandiyang'ane choncho, muno muli ena oti anachitapo, ndipo mukudziwa anzathu amene maso anawonongeka nazo. Ndinkamwa m'mawa, ndinkamwa pa duty, ndinkamwa kuti wayilesi ija ileke kulira m'mutu mwanga. Tsiku lina masanasana apolisi ananditola pamsewu ku Msheireb, nditadzikodzera, yunifolomu ili m'thupi. Ndinagona m'selo masiku angapo, ndikunjenjemera, ndikuona nyerere zoti kunalibe. Ndinkayembekezera ndege yondibweza kumudzi. Koma kampani inali ikusowa anthu, ndiye anandiwombola, kundivula usupavaiza, n'kundiika pageti. Mukudziwa geti lake? Lomwe lija.

Supavaiza watsopano anali Muganda wina amene ndinamuzunzapo kale. Ankabwera pa galimoto, kutsitsa galasi, kumwa madzi ozizira akundiyang'ana, otsalawo n'kuwathira pansi. "Sajeni, ludzu?" Sindinamudandaule. Ndinali nditamuphunzitsa ndekha.

Amene anandipweteka kwambiri anali mmwenye wa shopu uja. Ndinalowa kuti ndigule madzi, iye n'kubweza ndalama yanga pa kauntala. Anandiuza kuti tsiku lija anaona mnyamatayo akudzandira, ndipo anamutengera botolo la madzi mpaka pageti, laulere. Yamikani anakana. Anabwerera nalo kachiwiri, kumugwira dzanja, kumuchonderera. Yamikani anapukusa mutu n'kunena kuti amalume akaniza. Mmwenye uja atamaliza kufotokoza analoza chitseko n'kunena kuti, "Khalas, zatha. Usadzalowenso muno."

Mukuganiza kuti ndinasintha? Ndinabwerera pageti n'kumwa sanitaiza.

Amene ananditulutsa m'dzenje ndi mayi Nachisale, awo akhala pakonawo akundiyang'ana ndi diso lofiirawo. Nthawi imeneyo ankakolopa kuchipatala kumene anagonekedwa Yamikani, ndipo anamudziwa atamumva akubwebweta m'Chichewa. Lachisanu lina anatsika basi n'kubwera pageti panga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndinu amalume ake a Yamikani? Ndimayesa ndikapeza munthu."

Ndinati ndili pa duty. Iwo anati, "Duty yake yonunkha chonchi? Kuchipatala atsekula, akulola munthu mmodzi. Mwana akufunsa za inu tsiku ndi tsiku, kaya amakuonerani chiyani. Mawa mukaweruka mukasambe, mundipeze pa siteji."

Ndinapita. Pakhomo la chipatala ndinagula botolo la madzi ozizira, lalikulu. Ndinkati ndikamupatse, ngati kuti zimenezo zikanakonza kanthu.

Ndinalephera kumuzindikira. Nkhope inali yotupa, manja ngati timitengo, pakhosi pali chipaipi chopita ku makina otsuka magazi amene ankalira pambali pa bedi. Milomo inali yong'ambikang'ambika, yoyera. Patebulo panali kakapu kapulasitiki kojambulidwa mzere ndi cholembera. Mayi Nachisale anandinong'oneza kuti popeza impso sizikutulutsa mkodzo, madzi akachuluka amakadzaza m'mapapo, ndiye madokotala amamuyezera. Kakapu kameneko kangapo, basi, tsiku latha. Mnyamata amene ndinamumana madzi kwa masana amodzi tsopano anali wa ludzu usana ndi usiku.

Anatsekula maso. Anayesa kudzuka kuti andipatse moni, n'kulephera.

"Amalume, mwabwera."

Maso ake sanali pa ine, anali pa botolo. Linali likuchita thukuta m'manja mwanga, timadontho tikugwera pansi. Anameza malovu oti panalibe.

"Anesi atuluka," anatero motsitsa mawu. "Ndipatseniko, amalume. Pang'ono pokha. Sindinena."

Ndinatsekula. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, ndinatsekula, ndipo ndikanamupatsa lonse. Mayi Nachisale anandigwira pamkono mwamphamvu, zikhadabo mpaka kulowa.

"Mukufuna mumuphe kachiwiri?"

Ndinaima pamenepo, botolo lotsekula lili m'manja, mwana wa mchemwali wanga akundiyang'ana. Tsiku limene ankafunika madzi ndinamumana mwadala. Tsiku limene ndinafuna kumupatsa, kumupatsako kunali kumupha. Ndinatseka botolo lija pang'onopang'ono, iye akumva kulira kwa chitsekerero. Anatembenukira kukhoma. Ndinkayembekezera kuti anditukwane, ndipo ndinkafuna kuti anditukwane. Koma analankhula ali chiyang'anire kukhomako.

"Ndinaima, amalume. Sindinasunthe."

Ndinati ndikudziwa.

"Amayi munawauza kuti ndinaima? Asamaganize kuti ntchito inandikanika."

Nkhondo ndinaiona, mitembo ndinanyamula, koma mawu amenewo sindinawapirire. Ndinatuluka n'kukagwada m'kholido, ndikulira ngati mwana. Mayi Nachisale anandipeza, n'kundigunda ndi chokolopera.

"Musalire pamenepo, ndakolopa kumene. Misozi yanu simutsuka magazi. Dzukani mukanene zoona."

Tsopano mverani, chifukwa apa ndi pamene pali phindu lanu. Sindinachire ndi kulira, ndipo sindinachire tsiku limodzi.

Ndinayamba ndi bodza lija. Ndinaimbira achemwali n'kuwauza zonse, za botolo, za wayilesi, za mmwenye. Anangodula foni. Kenako ndinapita ku ofesi yoona za antchito n'kukafotokoza kuti mnyamatayo sanadwale malungo, anavulala pa ntchito, ndipo amene anamuimika padzuwa ndine, molamulidwa ndi mkwiyo wanga komanso mudir. Zimenezo zinathandiza kuti kampani isamutaye ngati wodwala wamba. Mudir ananditcha njoka. Anandisinthira ma shift oipitsitsa, koma zoonazo zinali zitalembedwa kale.

Mowa ndiye unali nkhondo ina. Musanamizidwe kuti mungangosiya ndi pemphero lokha mutafika pamene ndinafika ine. Thupi linkanjenjemera moti supuni inkandigwa. Ndinapita kwa dokotala, mwamanyazi, m'dziko loti kuledzera ndi mlandu, ndipo sanandimangitse, anandithandiza. Kwa nthawi yoyamba ndinauza munthu za Saidi. Ndinapempha kusamuka m'chipinda cha anzanga omwa. Sanitaiza ndinaleka ngakhale kumugwira, mpaka lero ndimayenda ndi sopo m'thumba, ndipo mukandiona ndikudutsa botolo la pakhomo musati ndine wauve. Lachisanu lililonse ndinayamba kubwera kumapemphero muno, chifukwa mayi Nachisale anati ndikajomba adzanditenga ndi chokolopera.

Nthawi yomweyo malamulo a ntchito anasintha, munthu n'kutha kuchoka pa kampani popanda kupempha kalata ya bwana. Anyamata, lamulo limenelo lidziweni, si nthano. Mudir anandiopseza, anachedwetsa mapepala, koma ndinachoka. Ndinakalowa ku kampani yodzala mitengo m'misewu, pa nazale yawo kunja kwa tauni. Ndinabwerera ku machubu ndi dothi, ntchito ya unyamata wanga.

Kumeneko ndi kumene ndinaona uchitsiru wanga bwinobwino. Yang'anani mitengo ya mu Doha muno mukamadutsa pa basi. Uliwonse, ngakhale waukulu chotani, uli ndi kapaipi kakuda patsinde. Paipi ikatsekeka masiku ochepa, mtengo wauma. A Mbewe ankamana mbande madzi chifukwa mitambo inali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri, ankadziwa kuti mvula ikubwera kudzamaliza ntchito. Kuno kulibe mvula yoti uidikire. Ine ndinatenga nzeru ya ku Dedza n'kudzaigwiritsa ntchito m'chipululu, pa munthu, pa mwana wa mchemwali wanga.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, muombe m'manja, tiimbe nyimbo. Koma madzi akatayika saoleka.

Impso za Yamikani sizinadzuke. Ndege zitayambiranso kuuluka iye anapempha kupita kwawo, anati akufuna amayi ake. Kumudzi moyo wake unakhala wa pamsewu, kuchoka ku Dedza kupita ku Lilongwe kukatsukitsa magazi, kubwerera, kupitanso. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kudzera kwa mlamu wanga, chifukwa achemwali foni yanga sankayankha. Yamikani yekha ndi amene ankanditumizira mauthenga. Ankandifunsa ngati ndikadasiyabe mowa. Anapirira dzinja limodzi ndi chilimwe chake, kenako thupi linatopa.

Uthenga unandipeza pa nazale. Tchuthi chinali chosatheka, maliro sakanandidikira. Tsiku loika m'manda, foni inalira, nambala ya achemwali. Mawu awo anali ouma.

"Achimwene, pa maliro pamafunika mwini mbumba afotokozere anthu mmene mwana wadwalira. Anthu akhala pansi, mafumu alipo. Wina aliyense sanena. Munene nokha."

Anaika foni pa chimkuzamawu. Ine ndinaima pakati pa mizere ya mbande, dzuwa likuswa mtengo, anzanga a ku Bangladesh akundidabwa. Ndinapereka ulemu kwa mafumu, kwa abusa, kwa adzukulu okumba manda, monga mwa mwambo. Kenako ndinanena. Ndinati mwanayu sanafe ndi korona, sanalodzedwe, musaloze chala nkhalamba iliyonse m'mudzimo. Ndinati ndinamulanda madzi ine malume ake, ndinamuimika padzuwa, anandiitana kawiri ndipo ndinagona. Ndinati ntchito sinamukanike. Anaima, sanasunthe.

Kenako azimayi anayamba kulira, ndipo foni inachoka pa chimkuzamawu. Achemwali anabwereranso.

"Mwanena zoona, zikomo," anatero. "Koma ana anga otsalawa alibe malume. Musadzawaitanenso."

Kuyambira tsiku limenelo sindinamvenso mawu awo. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa chaka chatha, ndinaonera pa foni ya munthu wina. Amene anakhala pampando wa malume anali munthu wobwereka.

Madzulo a tsiku la maliro, potuluka pa nazale, botolo la sanitaiza linali pageti monga mwa masiku onse, lodzaza. Ndinaima patsogolo pake nthawi yaitali. Kukhosi kunkayabwa. Kenako ndinakumbukira kuti munthu yekhayo amene ankandifunsa ngati ndikadasiyabe anali atangokwiriridwa kumene, ndipo ndinakwera basi. Mpaka lero sindinamwe. Musandiombere m'manja, palibe chimene ndawina. Ndangoleka kuwonjezera mitembo.

Inu ma supavaiza muli muno, ndikukudziwani, ena ndinakuphunzitsani ndine kukalipa. Mudir akakukalipirani, ululuwo musakautsitsire pa mwana wa mnzanu. Munthu akati mutu ukuzungulira, mulowetseni pamthunzi, za lipoti mudzakangana pambuyo. Inu amene mukumwa za m'mabotolo a pageti, ndipezeni tikatuluka, ndikuperekezani kwa dokotala ndekha, sindiuza munthu. Ndipo inu anyamata amene munabwera kuno kudzera mwa amalume anu, achimwene anu, akulu a mpingo, ulemu ndi wabwino, tinaleredwa nawo. Koma wamkulu akadzakuuzani kuti musamwe madzi padzuwa la dziko lino, imwani. Adzakwiye muli moyo.

Makatoni ali pakhomowo ndagula ndine. Aliyense potuluka atenge botolo limodzi. Musandithokoze, ndipo musaike m'chikwama. Tsekulani, mumwe ndikuona.